Kodi ndiyambe ndi Dinky za m'ma 1930?

Bambo wina wa ku Leeds wandilembera imelo sabata ino. Akuti anatola kagalimoto kachidole kachitsulo ka Bugatti pamsika wa zinthu zakale, ndiye mtima wawo wakomedwa ndi galimoto zaliwiro zomwe zinapangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanabuke. Akufunsa ngati n'kwanzeru kuyamba ndi kusaka tigalimoto tazidole ta mtundu wa Dinky ta m'ma 1930.

Achimwene, musayambire kumeneko. Zaka za galimoto yeniyeni n'zina, zaka za kachidole kake n'zinanso. Bugatti Type 35 inatuluka mu 1924 ku Molsheim, koma kanuko ndikuganiza kuti n'ka Matchbox Models of Yesteryear, gulu lomwe kampani ya Lesney inayambitsa mu 1956. Katembenuzeni, dzina lalembedwa kumimba kwake.

Dinky inayamba mu 1934 ku fakitale ya Meccano mumzinda wa Liverpool. Tigalimototi ankatiumba pothira chitsulo chosungunula m'chikombole, ndipo chitsulocho chinali zinki wosakaniza ndi zina. Vuto ndi loti m'zaka zoyambazo mtovu unkalowerera m'zosakanizazo. Pakapita zaka chitsulo chimafufuma, kenako ming'alu, mapeto ake kunyenyeka. Mankhwala ake kulibe. Ine ndinapsapo zala: ndinagula kamodzi pa intaneti, pachithunzi kakuoneka bwinobwino. Katafika ndinaona timizere ngati tsitsi pa boneti, ndinati ndi penti chabe. Chaka chisanathe, gudumu lakutsogolo linandinyenyekera m'manja ngati chigumu chogona. Ndalama zija mpaka lero zimandiwawa.

Ngati dzina la Dinky ndi lomwe lakukokani, funani gulu la nambala 38: Frazer-Nash BMW, Lagonda, Alvis ndi Jaguar SS100. Galimoto zake ndi za m'ma 1930, koma zambiri mwa zidolezo zinapangidwa nkhondo itatha, chitsulo chitakhala bwino.

Kenako sankhani sikelo imodzi (mlingo wa kukula kwa kachidole poyerekeza ndi galimoto yeniyeni) n'kuikakamira. Pa 1:43, galimoto yotalika mamita 4 imakhala pafupifupi masentimita 9; pa 1:18 imafika 22. Ine ndimakonda 1:43 poti shelefu imodzi imakwana tambiri, ndipo kampani ya Brumm ya ku Italy yapanga tabwino pamtengo wosaboola m'thumba. Pa 1:18, Mercedes SSK ya kampani ya Bburago ndi poyambira pabwino. Za kampani ya CMC n'zokongola zedi, masipoko ake a waya weniweni, koma mtengo wake muyambe mwakambirana ndi mayi a kunyumba. Dziwaninso kuti Yesteryear alibe sikelo imodzi, ankayeza kuti kagalimoto kakwane m'bokosi, ndiye mukatindandalika pamodzi tina timaoneka tonyentchera.

Kanthu kena kamene ogulitsa amasokoneza: Bentley inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1924, kenako kuyambira 1927 mpaka 1930, koma Bentley yotchuka ija yotchedwa Blower, ya makina otulukira kutsogolo kwa rediyeta, sinapambaneko ndi kamodzi komwe. Mu 1929 ndi 1930 inapambana ndi Bentley ina yotchedwa Speed Six. Alfa Romeo 8C 2300 ndiyo inatenga zaka zinayi zotsatira.

Bugatti yanuyo musaipentenso ngakhale yakandika, mtengo wake ungagwe. Ipukuteni ndi kaburashi kofewa, muiike kutali ndi dzuwa ndi chinyontho. Ngati inabwera ndi bokosi lake, lisungeni, ndipo munditumizire chithunzi cha kumimba kuja tione kuti ndi ya chaka chiti.