Za tishu zi ine ndinalirapo pakhomo pa shopu

Asisi, zoti mugulirethu tishu wambiri poti matenda ayambanso kumveka zandikumbutsa March 2020 nthawi ya Covid-19, mpaka pano mtima umandiwawa.

Ine nthawi imeneyo ndinkagwira ku care home (nyumba yosamalira okalamba) kuno ku Leicester ku England, ma night okhaokha. Boris Johnson, nduna yaikulu ya UK nthawi imeneyo, asanalengeze nkomwe lockdown pa 23 March paja mashelefu anali kale pululu, tishu kulibe, pasta kulibe, sopo wosambira m'manja kulibe. Mashopu akuluakulu anaika malire, ena mapaketi awiri pa munthu ena atatu, koma ine woweruka 8 koloko m'mawa zinkandithandiza chani poti anthu amakhala atasesa kale.

Ndiye mwana wanga wamng'ono anatsegula m'mimba, m'nyumba tili anthu anayi katishu katsala kamodzi. Ndinamva kuti aika ola lapadera la ogwira ntchito zachipatala, ndinachonderera mnzanga andigwirire kuti ndituluke msanga, ndinakaima pa layini pafupifupi ola lathunthu mphepo ikundilowa m'mafupa, yunifomu ili m'thupi, tulo sindinatione. Kufika pakhomo mlonda akuti ID. Ndamuonetsa ya kuntchito akuti iyi si ya NHS (zipatala za boma), imani uko. Ndinamuuza kuti bambo, usiku wonsewu ndachezera kusambitsa ndi kutembenuza agogo a anthu omwewa, mwana wanga akudwala, ndikungofuna paketi imodzi basi. Sanandiyang'ane nkomwe kumaso. Mmene ankatilowetsa ndi chigulu pa shelefu panangotsala makatoni. Kutuluka panja ndikuona bambo wina ndi akazi awo ndi anyamata awiri, aliyense walipira payekha kuti azembe malire aja, akulongedza mu buti mpaka kuchita kukanikiza. Ndinawapempha mwaulemu kuti andigulitseko imodzi, ndalama ili m'manja, anangotseka buti nkuliza galimoto. Abale ndinalira pompo, munthu wamkulu. Ndiye Lachinayi 8 koloko madzulo mumve anthu akuomba m'manja m'makomo ati kuthokoza ma carer, ine ndinkangotseka windo.

Wa kashopu ka pakona nayenso anachita kumasula paketi nkumagulitsa umodzi umodzi £2, munthu woti ndimagula kwa iye mkaka tsiku ndi tsiku. Ndinagula iwiri, sinathe masiku atatu. Kenako tinayamba kitchen roll ndi ma wipes a mwana, toileti inatsekeka, madzi kubwerera mpaka pansi, landilodi osafuna kumva chilichonse akuti pulambala ndilipire ndekha, £90 inapita. Kumudzi tikanangong'amba nyuzipepala kapena kutola chitsononkho nkuponya m'chimbudzi chokumba nkhani yatha, koma mapaipi a kuno salola zimenezo. Anandipulumutsa ndi mayi ena a ku Mangochi a fulati ya pansi pathu, Asilamu, anandipatsa kajagi nkunena kuti mwanangu ife timagwiritsa madzi chibadwire, tishu ndi wongopukutira. Anandigawiranso ma roll awiri pa anayi amene anali nawo. Mulungu awadalitse mayi amenewo.

Chimene chimandipsetsa mtima nchakuti mafakitale sanasiye kupanga tishu, anali mantha ndi dyera basi. Tishu amadya malo, anthu ochepa akangonyamula shelefu yaoneka yopanda kanthu, wina wajambula waika pa Facebook, mawa mzinda wonse uli pa layini. Pofika mu April anayamba kupezekanso.

Ndiye asisi musagule mwadyera, mukatero mukulanda wina amene ali pa shifiti sangathe kuthamangira ku shopu. Paketi imodzi yowonjezera yakwana. Koma musamverenso oti zinthu zizipezeka, ine panopa pansi pa bedi pamakhala mapaketi atatu a 24 ndipo ikangotsegulidwa imodzi ndimakagula ina sabata yomweyo, ndipo akadzaikanso malire ine ndi bambo a kunyumba tidzalowa aliyense ndi basiketi yake, ana anga sadzaonanso zimene zija. Gulani pang'onopang'ono panopa kudakali bata, kajagi kazikhala mu bafa, ndipo ma wipes olo alembe kuti flushable muziponya mu bini.