Yankho kwa amalume pa nkhani ya lamba wa minibasi

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, koma manjawa ali girizi yekhayekha, ndiye ndangoti ndilankhule. Mwati pa Hiace ija payaka nyale yolembedwa T-BELT, yokumbutsa kuti nthawi yosintha lamba wa m'kati mwa injini yakwana, ndipo adalaivala akuti pali mnyamata amene angaizimitse kuti minibasi izipitabe ku Mulanje mpaka mwezi uthe. Chonde malume, zimenezo musalole.

Nyale imeneyo siona lamba ayi, imangowerenga makilomita. Pa ma Hiace akalewa imayaka akakwana 100,000. Kuizimitsa sikuvuta, koma lamba amakhala yemwe uja wotopa. Ndiye injini yanuyo ndi 5L ya dizilo, yosiyana ndi Sienta ya azakhali ija, imene ili ndi tcheni. Lambayu ndi amene amachititsa kuti crankshaft (chitsulo chozungulitsidwa ndi mapisitoni), camshaft (chotsegula ndi kutseka mavaluvu) ndi pampu ya dizilo ziziyendera limodzi. Akaduka galimoto ikuyenda, mavaluvu amangoima pomwe ali, mapisitoni n'kubwera kudzawamenya. Zikatero ndiye kuti tikutsegula hedi, ndipo minibasi ikhala pa galaja masiku ambiri osalowetsa kanthu.

Pogula, musagule lamba yekha. Gulani pamodzi ndi tensioner (pule yokunga lamba), kasipuling'i kake, ndi pule inayo yongozungulira. Amakaniko akachotsa chivundikiro, muyang'ane nokha ngati muli oyilo m'katimo. Akapezeka, masilo a pa crankshaft ndi camshaft asinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa oyilo amafewetsa labala, lamba watsopano sachedwa kutha.

Tsopano pomwe ndikufuna mumvetsere ndi apa, pa kakungidwe. Anthu ambiri amaganiza kuti lambayu ali ngati wa fani uja, woti ukamukunga kwambiri ndiye wagwira ntchito. Ayi. Uyu ali ndi mano, sadalira kukungika kuti akoke. Ndaonapo anthu akulowetsa chitsulo kumbuyo kwa tensioner n'kumakankha ndi mphamvu zawo zonse. Galimoto ikalira mumamva kaphokoso kosalekeza ngati kalikhweru, ndipo kamakwera mukaponda mafuta. Amenewo ndi mabering'i akuvutika, a tensioner ndi a pampu ya dizilo yomwe, ndipo pampu imeneyo mtengo wake mukuudziwa. Lamba akakhalanso wosakungika bwino, amakupiza n'kumamenya chivundikiro, kenako amalumpha dzino. Dzino limodzi lokha, galimoto iyamba kuvuta kulira m'mawa, utsi, mphamvu kuchepa pachitunda.

Pa injini imeneyi amene amakunga lamba ndi kasipuling'i kaja, osati mkono wa munthu. N'chifukwa chake ndati kagulidwe katsopano, kakale kamakhala katatamuka. Ntchito igwiridwe injini itazizira. Amakaniko asanachotse lamba wakale, aike pisitoni yoyamba pamwamba, zizindikiro zitatu zonse zikumane: cha pa crankshaft, cha pa camshaft, ndi cha pa pampu. Lamba akachoka, pasapezeke wozungulitsa chilichonse. Watsopanoyo asapindidwe, asapotokoledwe, asalowetsedwe ndi sikuludilaiva, ndipo ngati ali ndi muvi, uloze komwe injini imazungulirira. Akalowa, amamasula bawuti ya tensioner kuti sipuling'i ikoke yokha.

Kenako, ndipo ichi ndi chomwe ofulumira amadumpha, azungulitse injini ndi sipanala pang'onopang'ono, osati ndi kiyi. Kuzungulira kwake ndi komwe imayendera wotchi, osabwerera m'mbuyo. Camshaft imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri, ndiye zizindikiro zimakumananso pakatha maulendo awiri. Ine ndimazungulitsa kanayi, nditachotsa mapulagi otenthetsa aja kuti isamalimbe. Ikagwira penapake ngati yagunda chinthu, asakakamize, achotse lamba ayambirenso. Zizindikiro zikakumana zonse zitatu, m'pamene amamanga bawuti ya tensioner, ndipo amange ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, molingana ndi buku la injiniyo. Bawuti yaikulu ya pule ya kutsogolo ija chimodzimodzi.

Mundikhululukire malume ngati ndachulutsa, koma ndikudziwa kuti minibasi imeneyi ndi yomwe ikulipira fizi ya ana kunyumbako. Mupite nawo ku galajako, musangotuma adalaivala. Lamba wakale ndi tensioner yakale akupatseni m'manja. Pa chivundikiro alembepo tsiku ndi makilomita, monga amachitira ku Japan, paja magalimoto ambiri amabwera ndi kasitika kotero. Akatha zonsezi ndiye azimitse nyale ija.

Mawa m'mawa munditumizire chithunzi cha nambala ya chasisi, ndikuuzeni lamba woyenera musanapite kukagula ku Limbe. Ndipo akamakaika, mundiimbire pa vidiyo ndione zizindikirozo ndi maso anga asanatseke chivundikiro. Mupereke moni kwa azakhali.