PSA ya abambo yakwera, ndiye kuti ndi khansa basi?

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti amuna awo a zaka 61 chaka chatha PSA inali 3.2 pano yafika 5.9, kunyumba tulo kulibe, abambowo mpaka ayamba zogawa minda. Akufunsa ngati ndi khansa, nanga atani.

Mayi, mtima m'malo kaye. PSA ndi kapuloteni kochokera ku prostate, kachiwalo ka abambo komwe kali pansi pa chikhodzodzo, timakayeza m'magazi, ikakwera imangotiuza kuti prostate yatekeseka koma sinena chayitekesa. Prostate ikamakula ndi ukalamba PSA imakwera, matenda a m'njira ya mkodzo chimodzimodzi, kuikidwa paipi yokodzera, ngakhale kukhala malo amodzi ndi inuyo dzulo lake kapena kupalasa njinga mtunda wautali. Mwa amuna 4 omwe PSA yakwera, pafupifupi 3 sapezeka ndi khansa.

Komatu kuchoka pa 3.2 kufika 5.9 chaka chimodzi sizongoyang'ana ayi. Akayezetsenso, kukatsala masiku 2 kuti akayezetse asiye njinga ndi za kuchipindazo, ngati mkodzo wapezeka ndi matenda amwe kaye mankhwala adikire masabata 6. Ngati amamwa finasteride, mankhwala ochepetsa prostate yokula, anene, mankhwala amenewa amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka, ndiye 3 amakhala ngati 6.

Kenako pali pomwe azibambo ambiri amathawira, chala. Adokotala amavala gulovu, kupaka mafuta, kulowetsa chala kotulukira chimbudzi kuti amve ngati prostate ili yofewa kapena ili ndi chotupa cholimba ngati mwala, mphindi imodzi siikwana n'komwe, manyazi okha basi. Akakayikira amakutumizani chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central, MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, ikapezeka ndi bwino kuyambira pamenepo, koma chotsimikiza ndi biopsy, amatapa tizidutswa ta prostate ndi singano nkukaunika ku labu. Ikapezeka khansa amaipatsa nambala ya Gleason yosonyeza ukali wake, 6 mpaka 10, ya 6 imayenda pang'onopang'ono moti nthawi zambiri amangoilondola osapanga opareshoni. Zitsamba za m'mabotolo zogulitsa pa depoti zija zisakudyereni ndalama ya thiransipoti.

Auzeninso adokotala ngati bambo awo kapena achimwene awo anadwalapo khansa ya prostate, imayenda ku mtundu, ndipo ife akuda imatigwira kwambiri. Mkodzo ukatsekeka, ukatuluka ndi magazi, kapena msana ukamaphwanya osasiya, osadikira masabata aja, tsiku lomwelo kuchipatala.

Ndipo mupite nawo limodzi, mutenge buku la kuchipatala muli 3.2 uja, chifukwa akapita okha adzangobwera nkuti "ati zili bwinobwino", mukafunsa nambala ayiwala.