Agogo athu ankatchedwa Sajeni, tiyambire pati kufufuza?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti banja lawo lonse limadziwika ndi dzina loti Sajeni, lomwe linali la agogo a bambo awo, msilikali wa nthawi ya atsamunda. Palibe akudziwa kumene mkuluyo anachokera, ndiye akufunsa ngati kupita ku National Archives ku Zomba, kosungira zikalata zakale za boma, kungathandize.

Kungathandize mayi, koma musayambire kumeneko. Sajeni ndi udindo wa ku usilikali, ndipo n'kutheka kuti agogowo anabwera nalo kuchokera ku King's African Rifles, gulu la asilikali la atsamunda lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Mayina ambiri amene lero timati a banja anayamba chomwecho: Kopolo, Kapitawo, kapena dzina limene kalaliki wa msonkho anamva molakwika n'kulemba. Mwana akamalembetsa sukulu ankangotenga dzina la bambo ake, basi lakhazikika. Mukakafika ku Zomba ndi dzina loti Sajeni lokhalo, mudzabwerako chimanjamanja.

Yambani ndi azakhali kapena agogo aakazi amene atsala. Musawafunse kuti "anabadwa chaka chanji", sangadziwe. Funsani mfunda wawo, dzina la paubwana, nyakwawa ya mudzi wawo, kumene anaikidwa, ndiponso mpingo umene ankapemphera. Funsaninso ngati anapita ku nkhondo ya 1914 kapena ya 1939. Jambulani mawu awo pa foni, ndipo aliyense mucheze naye payekha, chifukwa pagulu onse amangovomereza zimene wamkulu wanena. Pa mfunda samalani: Achewa akale ankatsata wa kuchikazi, choncho Phiri kapena Banda amene mukumumva lero mwina si amene agogowo ankayitanidwa naye.

Kenako pitani ku mishoni. Kwa ine, mabuku a ubatizo ndi a ukwati amaposa a boma, popeza kawirikawiri amatchula makolo ndi mudzi. Blantyre Mission inayamba mu 1876, Livingstonia mu 1875, Mvera mu 1889, Mua mu 1902. Kumbukirani kuti pobatizidwa ambiri ankalandira dzina latsopano, ndiye munthu mmodzi atha kukhala ndi mayina atatu m'mabuku atatu.

Mukapeza dzina lenileni ndi mudzi, apo ndiye pitani ku Zomba. Dziwiranitu kuti moto unawononga zikalata zambiri za boma kumeneko mu 1919, choncho za zaka zoyambirira n'zoperewera. Fufuzani ndi mayina akale a malo: Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje Port Herald, Mchinji Fort Manning, Thyolo ankalemba Cholo. Ngati banja lanu ndi la Chilomwe, atsamunda ankalemba kuti Anguru, ndipo mzere wanu ukhoza kukaolokera ku Mozambique, kumene mabuku ake ali m'Chipwitikizi.

Mukapeza mendulo kapena pepala lowatulutsa usilikali m'sutikesi ya wina, lembani nambala ya msilikali imene ili pamenepo. Dzina limasintha kalembedwe, koma nambalayo idzakuthandizani kupeza munthu weniweniyo.