Yamba wafunsa chimene mlembi akufuna kwa iwe

Mtsikana wa Fomu 4 wa ku Chipoka wandilembera kuti: "Akatipatsa nkhani n'kutifunsa njira zimene mlembi wagwiritsa ntchito pokopa owerenga, komanso tone yake, ndimatchula njirazo bwinobwino koma malikisi ndimapeza ochepa. Ndikulakwitsa pati?"

Mwanangu, waloweza ndithu, ndipo sunataye nthawi. Chimene ukudumpha ndi funso loyamba: kodi munthu walembayu akufuna ndichite chiyani ndikamaliza kuwerenga? Ukapanda kuyankha limeneli, mayina a njira aja amangokhala mndandanda.

Lusoli uli nalo kale. Taima pa Kamuzu Road basi ikangofika. Mayi wa nsomba sangonena mtengo ayi. Amati, "Chalero ichi achimwene, chatsala chokhachi, ana akasangalala kunyumba." Mpweya umodzi, mbedza zitatu: wakutsimikizira kuti n'chabwino, wakufulumizitsa, kenako wakugwira pamtima ndi ana ako. Olemba amachita zomwezi, kungoti papepala.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa nkhani yolimbikitsa asodzi kutengera chitsanzo cha ku Mbenji, chilumba cha kwa Makanjira ku Salima, kumene usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane. Mlembi akuti: "Kodi adzukulu athu chambo adzachionera pa chithunzi? Tikukokolola ndi tiana tomwe, ndi maneti a udzudzu."

Ukalemba kuti "wagwiritsa ntchito funso lachodziwadziwa" n'kulekera pomwepo, wangoyamba. Pitiriza kuti funsolo likuchititsa wowerenga kuyankha yekha mumtima kuti ayi, motero wagwirizana ndi mlembi asanamve n'komwe mfundo zake. Kenako yang'ana mawu akuti "kukokolola". Akanatha kunena kuti "kugwira", koma wasankha mawu amene timanenera madzi osefukira, osasiya kanthu m'mbuyo. Ndipo "tiana" tikukumvetsa chisoni, pamene "nsomba zazing'ono" sizikanatero.

Za tone, ine ndimakonda kunena kuti ndi mmene mawu a mlembi akanamvekera akanakhala kuti waima pamaso pako. Apa akudandaula, sakukalipa. Umboni wake ndi kakang'ono kwambiri: wati "tikukokolola", wadziikamo yekha. Sintha "ti" akhale "mu", uwerenge mokweza: "Mukukokolola ndi tiana tomwe." Wamva? Tsopano akuloza chala. Choncho usalembe kuti tone ndi "yabwino" kapena "yoipa". Nena kuti ndi yodandaula, yonyoza, yochenjeza kapena yonyengerera, ndipo uonetse mawu amene akuuza zimenezo.

Mayeso a MANEB asanafike, sabata iliyonse tenga ndemanga ya mkonzi mu nyuzipepala, kaya uthenga uja umazungulira pa WhatsApp wakuti "malo a ntchito atsala ochepa, tumizani ndalama lero". Uwerengere mng'ono wako mokweza, ulembe chiganizo chimodzi chonena chimene mlembi akufuna, kenako udule mzere kunsi kwa mawu atatu amene akukukankhira kumeneko. Ukatero kawiri, unditumizire ndidzaone.