Voice yoyankha alamu za mafamu a wayini ku Cape

Eee alamu, ndaimva voice yanu ija, pepani ndachedwa ndinali pa shifiti. Ndiye mwati inu ndi achimwene mufika kuno ku Cape Town mu February ku msonkhano, tsiku lopuma ndi Loweruka limodzi basi, mukufunsa ngati kumafamu a wayini nkoyenera kupita poti inuyo simumwa, komanso akuti achimwene ahaya galimoto aziyendetsa okha.

Ndiyambe ndi za galimotozo chifukwa pamenepo ndiye ndakaniratu, ayi ndithu. Achimwene, ndikudziwa mukumvetsera pambalipo, za "ndingolawa" zija kuno sizigwira. Famu iliyonse amakuthirirani mitundu 5 kapena 6, kochepa kwambiri pansi pa galasi moti mumachita kuseka kuti aka nkachiyani, koma pofika famu yachitatu ndi dzuwa la February lija miyendo yayamba kale kuyankhula zina. Malire a mowa m'magazi poyendetsa kuno ndi 0.05, apolisi amatchinga misewu makamaka weekend, akakupezani mwapitirira mukagona m'selo, ndege ya Lamlungu nkukusiyani. Pokhapokha ngati alamu ndinu amene mugwire chiwongolero tsiku lonse, apo ndilibe mawu.

Ine ndikanakonda mupite ku Franschhoek, ndi ulendo wa ola ndi kanthu kuchokera mu Cape Town, mupeze wokusiyani kumeneko. Kuli chinthu chija amati Wine Tram, mumagula tikiti imodzi, mumakwera kasitima ndi kabasi kotsegula m'mbali, kukutsitsani pa famu, mukatha mukwera kotsatira. Bukani pa intaneti kudakali nthawi chifukwa February ndi sizoni, Loweruka kumadzadza. Koma tikitiyo ndi ya thiransipoti yokha, tasting, kulawa wayini kuja, mumalipira padera pa famu iliyonse, marandi 100 kapena kupitirira kutengera malo. Ndipo musatengeke ndi mapu awo aja oti mafamu ambirimbiri, atatu akukwanani, enawo muzingothamangitsana ndi nthawi osaona kanthu. Mukaona mayina ngati La Motte musadabwe, derali anapatsidwa ma Huguenot, Afalansa amene anathawa kwawo chifukwa cha chipembedzo nkufika kuno mu 1688, alamu inu a mpingo nkhani imeneyo ikusangalatsani, kuli ndi chipilala chawo kumapeto kwa msewu waukulu.

Ngati mwatopa ndi msonkhano wanuwo simukufuna ulendo wautali, Groot Constantia ili momwemo mu Cape Town, Uber basi mwafika, ngakhale basi yofiira ya ma tourist ija imakufikitsani. Ndi imodzi mwa mafamu akale kwambiri, ya 1685, ya Simon van der Stel yemwe uja anayambitsanso tauni ya Stellenbosch mu 1679. Wayini wotsekemera wa ku Constantia ankamwa mpaka Napoleon ali ku ukaidi ku St Helena, ma guide sangakusiyeni osakuuzani zimenezo.

Tsono chimene ndikulimbikira kuti mupite ngakhale simumwa ndi mwezi umene mukubwerawo. February ndi nthawi yokolola mphesa. Anthu amalowa m'munda kusanache kuthawa kutentha, timasizasi m'manja, kudula phava limodzilimodzi nkumaponya m'makireti, mathirakitala ali pikitipikiti kukokera ku cellar kumene amapangira wayini, njuchi zili ng'waa pamwamba pa mphesazo. Mupemphe cellar tour, osangokhala pa tebulo ayi. Mukangolowa mkati muja kuzizira, kenako fungo, alamu fungo lake ndi la masese akuwira kuseri kwa nyumba ya agogo lija ndithu, kungoti kuno awira m'mathanki achitsulo aatali kuposa nyumba. Kenako amakupititsani kuli migolo ya mtengo wa oak, umodzi malita 225, yambiri yochokera ku France, yandandalikidwa mpaka uko, wayini amagona mmenemo chaka kapena kuposa. Mukafunsa amakupatsani mphesa kuti mulawe, timphesa ta wayini nting'onoting'ono, khungu lolimba, njere thoo, koma kutsekemera kwake kuposa za mu shopu zija.

Pa tebulo inu mungonena kuti simumwa, palibe amene akuyang'aneni modabwa, malo ambiri ali ndi juwisi wa mphesa, ena amaphatikiza ndi tchizi kapena chokoleti. Ku Fairview ku Paarl ndiye kwa tchizi, kuli mbuzi zimakwera kansanja kawo kozungulira, ana akanakhalapo sakanachokako. Achimwene inu, kabaketi kamene amaika pakati pa tebulo si ka maluwa, nkolavuliramo, ndipo kulavula si mwano, akatswiri enieniwo ndi amene amalavula. Mulawe Pinotage, ameneyo ndi wa konkuno, anachita kukwatitsa mitundu iwiri ya mpesa pulofesa wina dzina lake Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925. Ine pandekha amandilemera pakamwa kukatentha, ndimakonda Chenin blanc wozizira bwino, koma mukaweruze nokha.

China chimene ma guide ena amadutsapo mwachangu. Nyumba zoyera zokongola za m'mafamuwa anamanga ndi akapolo, ndipo ukapolo utatha kunapitirirabe zimene amati dop system, antchito kulipidwa mbali ina ya malipiro ndi wayini, tsiku ndi tsiku. Analetsa m'ma 1960 koma mafamu ena anapitiriza mpaka m'ma 1990, ndipo mavuto a uchidakwa m'mabanja a antchito akuonekabe mpaka lero. Sindikunena kuti musasangalale, koma amene akukuthirirani uja mucheze naye ngati munthu, tip ya 10% musaiwale, ndipo musadabwe akakuyankhani m'Chichewa kapena Chishona, m'malesitilanti a kuno tadzadzamo ndife.

Chipewa, madzi akumwa, nsapato zafulati chifukwa pansi ndi timiyala, ndipo mudye kaye m'mawa. Mabotolo mukagula alowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, mukulunge ndi zovala, cham'manja akakulandani pa eyapoti. Munditumizire deti yeniyeni ndione ngati ndingasinthane shifiti ndi mnzanga, ndipo pobwera musaiwale mpunga wa Kilombero ndi Nali wanga uja, wa kambuzi osati winayo.