Ahmed Zewail ankawaona bwanji maatomu akulekana?

Achimwene, mwafunsa ziwiri: njira imene Ahmed Zewail, wasayansi wochokera ku Egypt, anadutsa mpaka kukhala pulofesa wa physical chemistry, komanso ngati n'zoona kuti anali ndi kamera yojambula maatomu. Ndiyambe ndi ya kamerayi, chifukwa ambiri amasokonezekera pomwepa.

Kamera panalibe. Molekyu (kagulu ka maatomu olumikizana) ikamasweka, maatomu ake amalekana m'kanthawi koyezedwa ndi ma femtosecond, ndipo femtosecond imodzi ndi 0.000000000000001 ya sekondi. Palibe chipangizo chamagetsi chimene chingatsegule n'kutseka mofulumira chonchi. Ndiye nthawi ankaiyeza ndi mtunda. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho pa femtosecond imodzi kumayenda ma micrometre 0.3 okha (micrometre ndi 0.001 ya milimita), pomwe tsitsi limodzi limanenepa ma micrometre makumi angapo.

Mumatenga kuthwanima kumodzi kwa laser n'kukugawa pawiri. Gawo loyamba, lotchedwa pump, limamenya mamolekyu n'kuyambitsa kusweka. Lachiwiri, probe, limadzera njira ina yokhala ndi magalasi amene ali pa kanjanji koyendetsedwa ndi mota. Mukasuntha magalasiwo ma micrometre 15, kuwalako kumapita n'kubwerera, njira imatalika ndi 30, ndipo probe imafika mochedwa ndi ma femtosecond 100. Mumayeza, kusunthanso pang'ono, kuyezanso, mpaka mzere wonse wa zotsatira utatuluka. Dziwani kuti simukutsata molekyu imodzi ayi. Kuthwanima kulikonse kumapeza mamolekyu atsopano, koma poti pump imawayambitsa onse nthawi imodzi, amayendera limodzi ndipo zotsatira zake zimaphatikizika.

Mu 1987 gulu la Zewail ku Caltech, yunivesite ya ku California ku America, linachita zimenezi pa ICN, molekyu ya iodine, carbon ndi nitrogen. Ataika probe pa mtundu wa kuwala wa ma nanometre pafupifupi 388, pamene CN (carbon ndi nitrogen) yomasuka imayamwa kuwala n'kuwalanso yokha, anapeza kuti iodine imalekana ndi CN pa ma femtosecond pafupifupi 200. Atasintha pang'ono mtundu wa probe anaona chizindikiro, kutanthauza kuwala kumene ankayeza, chikukwera kenako n'kutsika: amenewo anali maatomu ali pakati pa ulendo, asanalekaniretu. Kwa ine apa ndiye pali mtima wa ntchito yonse, chifukwa gawo la pakatili akatswiri ankangolilemba m'masamu kuyambira m'ma 1930 osaliona. Pa sodium iodide anaonanso maatomu awiriwo akutalikirana n'kuyandikirananso kangapo, ena n'kumapulumuka pa ulendo uliwonse.

Zovuta zake n'zambiri, ndipo wophunzira wa PhD amathera miyezi pa izi. Kuthwanima kukadutsa m'galasi lochindikala kumatalika, chifukwa mitundu ya kuwala imayenda pa liwiro losiyana m'galasimo. Mukapanda kukufupikitsanso ndi ma prism (magalasi amakona atatu), zonse zofulumira zimafufutika. Pump ikachuluka mphamvu, molekyu imameza kuwala kawiri nthawi imodzi n'kusweka mwanjira ina, inu n'kumayesa mwatulukira chatsopano. Poyesa, chepetsani mphamvu ndi theka: chizindikiro chabwino chimatsikanso ndi theka, koma chikatsika kufika pa kota, mukayikire. Kanjanji kakapendama pang'ono, probe imachoka pamalo pamene pump ikumenya, chizindikiro n'kumatsika ngati mamolekyu akutha pomwe ndi galasi chabe. Palinso kupeza nthawi yeniyeni imene pump ndi probe zimafikira limodzi. Mukaphonya pamenepo, manambala onse apita. Kutentha kwa m'chipinda kukasintha, zitsulo zimafutukuka ndipo poyambirapo pamasuntha, n'chifukwa chake amapayezanso pafupipafupi.

Za maphunziro a Zewail: anabadwira ku Damanhur, Egypt, mu 1946. Digiri yoyamba anaitenga ku Alexandria University mu 1967, kenako ya masters komweko. PhD anaichita ku University of Pennsylvania pansi pa Robin Hochstrasser n'kumaliza mu 1974, ndipo anakhala zaka ziwiri ku Berkeley ngati postdoc (wofufuza amene wangomaliza PhD) m'gulu la Charles Harris. Caltech inamulemba ntchito mu 1976, mu 1982 anakhala pulofesa wathunthu, ndipo mu 1990 anakhala woyamba kupatsidwa mpando wa upulofesa wotchedwa Linus Pauling. Mphoto ya Nobel ya chemistry ya 1999 anailandira yekha.

Taonani kuti kuchokera 1976 kufika 1987 panadutsa zaka 11. Anayamba ndi ma laser a picosecond, ochedwa ka 1,000 kuposa femtosecond, akuphunzira kuyeza mamolekyu ouluka paokha m'chipinda chopopedwa mpweya, kuti asagundane n'kusokoneza muyeso. Ngati mwafunsa chifukwa mukufuna kulowa m'ntchito imeneyi, limbikirani calculus, quantum mechanics ndi kinetics, phunzirani kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo posankha kochitira PhD yang'anani labotale imene ophunzira amamanga ndi kukonza okha zipangizo. Zewail sanalekere pa Nobel: anasamukira ku ma electron, n'kupanga maikulosikopu yoonetsa mmene chinthu chikusinthira maonekedwe m'kanthawi kochepa kwambiri, ntchito imene anaigwira mpaka anamwalira mu 2016.